Esiteti ya Amalume Anga ku Lobi

Anzanga, munthu akadzabweranso kwa ine atanyamula laputopu n'kunena kuti "bweretsa CV yakoyo ndikukonzere," mudzandigwire manja msanga, apo ayi ndidzachita zoti ndikagone kupolisi. Papita miyezi iwiri koma mtima ukadali kuwira. Ndinakwiyira Yamikani, ndinakwiyira amalume anga, ndinakwiyira mdala wina wa chipewa amene kunena zoona sanandilakwire kanthu, koma amene ndamupsera mtima kuposa onsewa ndi mtsikana wina wa ku Lobi dzina lake Esinta, wa dipuloma ya zaulimi, wamutu wabwinobwino, amene anakhala pampando maso ali gwa n'kumanamiza anthu akuluakulu atatu. Esintayo ndine.

Zinayamba bwinobwino. Ndinali nditangomaliza kumene ku koleji, ndili pakhomo, pomwe ndinamva kuti bungwe lina la alimi a mbatatesi likufuna mlangizi mmodzi woti aziyendera alimi a dera la Lobi. Kwathu kwenikweni. Ntchito yoti ndizidzuka m'nyumba ya amayi, kukwera njinga yamoto ya bungwe, n'kukacheza ndi alimi amene ndimawadziwa mpaka mayina a ana awo. Amayi anga amakhala okha, miyendo imawavuta kukazizira, ndipo inu mukudziwa kuti kuzizira kwa kuno sikuseka ndi munthu. Ndinkaifuna ntchito imeneyi kuti ndisakathere ku Lilongwe kukagulitsa mafoni m'shopu ya munthu, amayi n'kumatunga okha madzi kuno. Ndinkaifuna moti ndikaiganiza chakudya chinkakana kulowa.

Ndiye ndinakhala pansi n'kulemba CV yanga pamanja, tsamba limodzi lokha. Ndinalemba za dipuloma, za miyezi itatu imene ndinakaphunzira ntchito ku ofesi ya zaulimi, kenako ndinalemba zomwe ndimazidziwadi: kuti kuyambira ndili sitandade sikisi ndakhala ndikulima mbatatesi m'dimba la amalume anga a Gelevaziyo, kuti mbewu ndimasankha ndine, kuti kanyumba kosungiramo mbewu ndinamanga ndine nditaphunzira ku koleji, ndiponso kuti patchuthi ndinkagulitsa nawo pamsewu ku Chimbiya. Ndinaiwerenga kawiri, ndinaona kuti ili bwino. Chomwe chinatsala chinali kukaitayipa basi.

Apa ndi pomwe ndinataya njira. Ndinapita ku Dedza boma kwa Yamikani, mnzanga wa m'kalasi, amene ali ndi laputopu ndipo amadzitcha katswiri wa ma CV pomwe iye mwini sanaitanidweko ku intavyu ngakhale ya ulonda. Kodi chimenechi sindinkachidziwa? Ndinkachidziwa, koma munthu ukafunitsitsa chinthu umamvera aliyense wolankhula mokweza. Anatenga pepala langa ndi zala ziwiri ngati wagwira khoswe wakufa, n'kuyamba kuseka.

"Esinta, iyi ndi CV kapena ukupempha udindo ku mphakati? Dimba? Amalume? Ukufuna anthu aja akuone ngati waganyu?"

"Koma zimenezo ndi zoona," ndinatero.

"Zoona sizinalembetsepo munthu ntchito. Khala apo uone mmene timachitira."

Ndinakhaladi, ndipo ndinaona ndi maso angawa dimba la amalume likusanduka Esiteti ya Gelevaziyo. Ine wogwira khasu ndinakhala wachiwiri kwa manejala, zaka zitatu, woyang'anira antchito makumi anayi. Ngolo ya amalume ndi ng'ombe zake ziwiri zinalowa pa mutu wa zamtengatenga, ndipo mkulu wa nthambi imeneyo ndinalinso ine. Kuthamangira mawindo a minibasi ku Chimbiya ndowa ya mbatatesi ili m'manja kunakhala kufufuza misika. Za khasu, za kusankha mbewu, za kanyumba kanga kamene ndimakanyadira, zonse anafufuta, akuti zikununkha kumudzi. Pamalo pa anthu ondichitira umboni anaika mphunzitsi wanga mmodzi, bwana wa ku ofesi ya zaulimi, ndi mwini esiteti, Bambo Gelevaziyo, pamodzi ndi nambala ya kafoni kawo ka mabatani. Masamba anayi, m'Chingerezi choti mwini wakene mawu ena ndinachita kufunsa tanthauzo.

Ndisakunamizeninso inu, nditaiwerenga ndinaikonda. Ndinadzimva kuti ndine munthu. Ndinatuluka mmenemo ndikuyenda mosiyana ndi mmene ndinalowera, ndipo ndinakaipereka tsiku lomwelo.

Vuto linali limodzi, mwini esiteti sankadziwa kuti ali ndi esiteti. Amalume anga ndi munthu wa tchalitchi, wapampando wa mphakati wathu, woti nkhuku ya mnzawo ikaikira m'khola mwawo amakabweza dzira. Ndinawapeza kudimba akukwezera mizere, ndinawafotokozera pang'onopang'ono ngati ndikupereka uthenga wa maliro. Anaimika khasu.

"Esiteti yake iti? Iyi? Nanga antchito makumi anayiwo ali kuti, andithandizeko mzere uwu?"

"Amalume, ndi zapapepala chabe. Mwina sadzaimba n'komwe. Akadzaimba mudzangovomera."

"Ndivomere bodza, kenako Lamulungu ndikaime kutsogolo kukalandira Ukalistiya?"

Tinakangana mpaka ine ndinalira, kulira kwa mkwiyo, ndinawauza kuti akufuna ndikalambire pakhomo ndi dipuloma yanga, ndinawakumbutsanso za miyendo ya mlongo wawo. Pamenepo anafewa. Anakanda m'mutu, anayang'ana kumwamba, kenako anapeza njira yawoyawo imene mpaka lero sindiimvetsa. Anati anthu a m'maofesi amaimba foni m'Chingerezi, iwo Chingerezi sakumva, choncho akamayankha sadzadziwa chomwe akuvomera, ndiye mlandu sudzakhala wawo. Ine ndinaona kuti ndi nzeru. Tangoganizani, munthu wa dipuloma ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinawaphunzitsa mayankho awiri okha, "yesi" ndi "vere gudu," ndipo anawayeserera pa ng'ombe zawo sabata yonse.

Patapita masabata atatu foni yanga inalira, akundiitana ku intavyu ku Linthipe. Amayi anauza mudzi wonse, mpaka azimayi a kwaya anandiika m'mapemphero. Yamikani ananditumizira uthenga wa mawu amodzi, "Waona?" Ine ndinasita siketi katatu, ndinabwereka nsapato za msuweni wanga zomwe zinali zondithina, n'kunyamuka m'mawa chifunga chisanachoke m'mapiri.

M'chipindamo munali anthu atatu. Pakati panali mayi wamagalasi, Mayi Kamwendo, amene ankatsogolera. Kumanja kunali bambo wa tayi wolemba zonse. Kumanzere kunali mdala wa chipewa uja, woimira alimi a m'bungwemo, atavala jekete yothimbirira. Mdalayo ndinamuderera, ndinati uyu angomuika kuti mpando usakhale wopanda munthu. Chifukwa cha iyeyo Mayi Kamwendo anati zonse tichite m'Chichewa kuti aliyense amve, ndipo ine ndinavomera mosangalala osadziwa kuti ndavomera chiyani.

Mafunso oyamba anali anga. Matenda a chiwawu amadziwika bwanji pa masamba, mbewu yabwino imasankhidwa bwanji, mlimi achite chiyani akaona mmera ukufota pomwe nthaka ili ndi chinyezi. Ndinayankha ngati ndikumwa madzi, chifukwa zimenezi ndazigwira ndi manja angawa. Mayi Kamwendo ankagwedeza mutu, wa tayi ankalemba mothamanga, ine mumtima ndinali nditayamba kale kusankha mtundu wa chisoti cha njinga yamoto. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mayi Kamwendo anatsegula tsamba lachiwiri la CV n'kuyamba kumumasulira mdala uja mzere ndi mzere. Anzanga, zinthu zimene zimamveka zaulemu m'Chingerezi zikalowa m'Chichewa zimakhala maliseche. Mdalayo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Pepani mayi," anatero mwaulemu wake wonse, "ine ndabadwira ku Lobi, ndakalambira ku Lobi. Esiteti imeneyi ili mbali iti?"

Apa munthu wanzeru akanaima. Akanati pepani, ndi dimba la amalume, mnzanga ndiye anakometsera. Mwina akanaseka n'kundikhululukira, popeza mafunso oyamba aja ndinali nditawakhoza. Ine ndinatani? Ndinakweza chibwano n'kunena kuti ili kuseri kwa phiri.

"Phiri lake liti?"

"Lakumtunda lija."

"Oo. Kumene kuja ine ndimadziwako manda okhaokha. Mwina ndakalamba." Anapukusa mutu modzimvera chisoni, kenako anafunsanso. "Nanga antchito makumi anayiwa amachokera midzi iti? Mwina ana anga ena amagwira komweko osandiuza."

Ndinati ambiri ndi ochokera ku Mozambique. Sindikudziwa kuti yankho limeneli linachokera kuti, linangotuluka lokha. Ndinamuyang'ana mdalayo ndi diso loti bambo inu, ndakulakwirani chiyani, bwanji osavala chipewa chanucho n'kukhala chete? Ndinakwiya zenizeni, ngati kuti wonama anali iyeyo. Ndisanapume n'komwe, wa tayi anadzutsa mutu n'kufunsa kuti ku nthambi ya zamtengatenga tinali ndi magalimoto angati.

"Awiri," ndinatero.

"Amtundu wanji?"

"Ina yakuda, ina yamawanga."

M'mutu mwanga ndinkaona ng'ombe. Wa tayi anandiyang'ana, anayang'ana pepala, kenako analembadi zimenezo, sindikudziwa kuti analemba bwanji. Kuzizira konse kwa mwezi wa Juni kuja ine thukuta linali kuyenda kumsana, nsapato za msuweni zikundiluma zala.

Mayi Kamwendo anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati pa bungwe lawo ali ndi chizolowezi, amaimbira mboni mwini wake ali pomwepo kuti pasakhale zonenerana kuseri. Anatenga foni yawo, anatsegula sipika, anaiika pakati pa tebulo. Akanatha kusankha mphunzitsi wanga, akanatha kusankha bwana wa ku ofesi ya zaulimi, anthu oti akananena zabwino zokhazokha komanso zoona. Anasankha mwini esiteti. Ine mumtima ndinadzilimbitsa kuti palibe vuto, amalume anakonzeka, ng'ombe ndi mboni.

Foni italowa, chipinda chonse chinadzaza phokoso la ku Chimbiya, mahutala ndi oitanira minibasi akukuwa za Lilongwe.

"Muli bwanji bambo? Ndikulankhula ndi a Gelevaziyo?"

"Eya, ndine. Ngati ndi za mbatatesi zatsala zoyera zokha, zofiira zija zatha."

"Ayi bambo, ndikufunsa za Esinta. Mumamudziwa?"

"Esinta? Mwana wa mlongo wanga ameneyo. Watani? Wachita ngozi?"

"Ali bwinobwino, ali pano. Tikufuna timve za ntchito imene ankagwira pa esiteti yanu."

Hutala inalira. Kenako tinamva amalume akudzifunsa okha, pa sipika, aliyense akumva: "Kodi ndi foni ija imeneyi? Nanga bwanji akuyankhula Chichewa?" Anatsokomola kukonza kukhosi. "Yesi," anatero. "Vere gudu."

Wa tayi anaika cholembera pansi n'kubisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Ine ndinasowa poyang'ana. Ndinayang'ana khoma, panali kalendala ya feteleza, ndinaiwerenga yonse.

"Bambo, yankhulani Chichewa," anatero Mayi Kamwendo. "Tonse pano ndi a konkuno."

Amalume anausa moyo moti tinamva ngakhale panali phokoso.

"Mayi, ngati ndi Chichewa ndiye ndinena zomwe ndikudziwa. Esiteti ndilibe. Ndili ndi dimba, antchito ake ndi ine, mkazi wanga ndi mwanayo. Galimoto ndilibe, ndili ndi ngolo, ng'ombe inanso ikutsimphina. Koma mwanayo mukamusiya mwataya munthu. Chaka chatha chiwawu chitagwa kwathu, anachiona msanga ndi iyeyo, anazula mizere itatu n'kukwirira ine ndikumukalipira, ndipo amene tinakolola zooneka m'mudzi mwathu ndife. Mbewu imene anzanga amadzandipempha amasankha ndi iyeyo. Kanyumba kosungira mbewu anamanga yekha, mbewu imatuluka mmenemo yophukira bwino, osawola. Vuto lake ndi mtima wapachala basi, koma umenewo ndi wa kumtundu."

Ndinaganiza kuti zathera pamenepo. Ayi. Mdala wa chipewa anaweramira foni ija nkhope ikuwala.

"Kodi ndi a Gelevaziyo a kumunsi kwa tchalitchi? Ndine Sitefano, tinakumana pa maliro chaka chatha."

Anapatsana moni, anafunsana za kunyumba, za ana, za ng'ombe yotsimphina ija. Kenako analowa nkhani ya kanyumba kanga: mashelefu angati, kuwala kumalowa bwanji, mbewu imakhalamo miyezi ingati. Mayi Kamwendo nawo analowerera n'kumafunsa, wa tayi anatolanso cholembera. Amalume ankayankha zonse bwinobwino, zimene ndinawaphunzitsa ine, pakati pake n'kumauza wogula wina kuti adikire kaye. Ine ndinali phee pampando, mlendo pa intavyu yangayanga, kwa mphindi zoposa khumi.

Atadula foni, Mayi Kamwendo anavalanso magalasi. Sanakalipe, sanaseke, ndipo bola akanakalipa.

"A Esinta, munthu amene amalume anu amufotokozayu ndi amene tikumufuna. Koma amene wafunsira ntchito ndi uyu," anagogoda masamba anayi aja ndi chala, "ndipo uyu kulibe. Mlangizi amatibweretsera malipoti ochokera kuminda kumene ife sitifikako. Anuwo ndingawakhulupirire bwanji?"

Pamenepo manyazi anachoka, panabwera chisoni chenicheni, chifukwa ndinaona kuti ntchito ija inali yanga, inali m'manja mwanga, ndipo ndinaitaya ndekha. Zonse zimene anthu aja anachita nazo chidwi ndi zomwe zinali pa tsamba langa loyamba lija, limene ndinalola munthu wosadziwa kusiyanitsa mbewu ndi mbatatesi yokazinga alifufute. Ndinathokoza, ndinaimirira, ndinatuluka. Mdala uja anachita kundiperekeza mpaka pakhomo n'kunditumanso moni kwa amalume.

Ndili pasiteji ndinamuimbira Yamikani. Ndinamufotokozera zonse ndikuyembekezera kuti mwina apepesa. Mukudziwa chimene anandiuza? Anati CV inalibe vuto, umboni wake ndi woti anandiitana, vuto ndine sindinathe kuiteteza. Anati ulendo wina tidzachepetse antchito akhale makumi awiri. Mawu amene ndinamuyankha sindingawabwereze pano, mungodziwa kuti mayi wina wogulitsa tomato pafupi nane anatseka mwana wake makutu.

Kunyumba ndinapeza amayi ali pakhonde akundidikira. Atangoona nsapato zili m'manja anadziwa. Sanafunse zambiri, anangoti, "Wadya?" ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa zonse za ku Linthipe. Amalume sindinawalankhule sabata yathunthu. Tsiku limene tinakumana panjira ndinawafunsa chifukwa chake anandiyalutsa, iwo anayankha mosatekeseka kuti pangano lathu linali la Chingerezi, za Chichewa sitinapanganepo. Ndinafuna kukangana nawo, koma ndikanayambira pati? Pa anthu onse a m'nkhaniyi, amene anandinenera zabwino ndi iwo okha.

Ntchito ija anatenga mtsikana wina, ndimamuona akudutsa pa njinga yamoto, amandibayibitsa, ine ndimabayibitsanso mano ali okukuta. Ndinati basi zatha, ndiiwale, ndiyambe kufunafuna kwina.

Sabata yatha ndili pakhomo ndikuchapa, ndinaona amalume akubwera pa njinga yakapalasa yatsopano, pulasitiki ikadali pachishalo, akuliza belu pomwe panjira panalibe munthu. Anatsika monyadira n'kuiimika pamalo poti aliyense aione. Akuti a bungwe lija anabwera kudzaona dimba ndi kanyumba kambewu, ndipo awasankha kukhala mlimi wachitsanzo wa dera lonse, alimi anzawo azidzaphunzira kwa iwo. Njingayo ndi yoyendera.

"Koma akuti ndipereke CV yanga, kapepala konga kaja kamene unalemba iwe, akaike m'faelo," anatero. "Undilembere. Tsamba limodzi likwana."

Ndinangowayang'ana, thovu la sopo lili m'manja.

"Akufunanso mboni imodzi. Uike dzina lako, iwe ndi amene umaidziwa ntchito yanga." Anakwera njinga, anapalasa pang'ono, kenako anatembenuka. "Koma akakuimbira unene zoona, usandichititse manyazi."

Ndinawalembera, nanga ndikanatani? Ndiye mmene zililimu, ndinapita ku intavyu imodzi m'moyo wanga ndipo amene anapambana ndi munthu woti sanapiteko, anali pamsewu kugulitsa mbatatesi. Ine ndalumbira pamaso panu nonse kuti chilichonse cholowa mu CV yanga chizikhala choti ndingathe kuchiwerenga mokweza m'Chichewa, pakati pa mudzi, anthu a kwathu akumva. Pakadali pano foni yanga ndaitchaja, ndikudikira kuti andiimbire. Ntchito yokhayo imene ndili nayo ndi ya umboni.